Kalata Imene Sinapemphe Kanthu

Kope la mwana wanga linafika ku Mtendere, komboni yathu ya mu Lusaka, lili m'kati mwa mtolo wa nsomba zouma. Analikulunga m'mapulasitiki awiri, koma fungo linalowabe, kotero kuti ndikalitsegula amphaka a kwa aneba ankayamba kuzungulira khonde langa. Amene analibweretsa anali asewere anga, ndiko kuti amayi ake a mkamwini wanga, mayi wa Chibemba wogulitsa nsomba pamsika wathu. Iwo amapita ku nyanja ya Bangweulu kukaoda nsomba pakapita miyezi iwiri iliyonse, ndipo kwa zaka zisanu ndiwo anali positi yathu.

Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene Mulungu anatisiyira, ndi mphunzitsi pasukulu ya pachilumba china cha nyanja imeneyo. Kuchokera padoko, boti la injini limayenda theka la tsiku kuti likafikeko. Magetsi kulibe, ndipo foni imagwira pachulu chimodzi chokha kuseri kwa sukulu. Anapitako ali mbeta, nakakwatiwa ndi mmisiri wokhoma maboti wa komweko.

Patsamba loyamba la kopelo analemba kuti: "Atate, pali bungwe lina lakunja limene likufuna kuthandiza masukulu a pazilumba zakutali kuti ana aphunzire sayansi ya za m'madzi. Anayambira kuzilumba za m'nyanja ya mchere, koma chaka chino alolanso nyanja ngati yathuyi. Pempho liyenera kulembedwa m'Chingerezi ndi kutumizidwa pa intaneti mwezi uno usanathe. Kuno sindingathe. Zonse ndalemba m'kopemu. Inu muziveke zovala zabwino."

Sindibisa, mawu omalizawo anandikomera. Chingerezi changa ndi cha kumishoni, chimene tinachiphunzira ndi ndodo pambali, ndipo ndakhala ndikulembera anthu makalata kuyambira pamene ndinapuma uphunzitsi. Ndinavala magalasi, ndinakhala pakhonde, ndi kuyamba kuwerenga.

Mwana uja anali atagwira ntchito. Analemba kuti ana ake a sukulu amapita padoko m'mawa ndi bango lokhala ndi zizindikiro, nayeza nsomba zimene asodzi abweretsa, ndipo aona okha kuti nsomba zikucheperachepera msinkhu. Analemba za maukonde a udzudzu amene ena amawasandutsa ophera nsomba, osasiya ngakhale tiana. Kenaka anandandalika zimene ankafuna: maikulosikopu, galasi lija lokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso; majekete oyandamitsa munthu pamadzi; sola yoyatsira nyale; ndi boti laling'ono la sukulu. Ndinawerenga ndikugwedeza mutu ngati amene ndikukonza mayeso a mwana wanzeru.

Pa tsamba lomaliza ndi pamene mutu unaleka kugwedezeka. Pamenepo anakopera malamulo a bungwelo, ndipo limodzi linali lakuti mphunzitsi wolandira thandizo alonjeze kukhala pasukulupo zaka zina zitatu.

Apa ndiyenera kufotokoza za ine. Amayi ake a mwanayu anatisiya, ndipo ndimakhala ndekha m'nyumba ya zipinda zitatu. Ndili ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tsiku lovundukula chiliza cha amayi ake, mwana wanga anandiuza ndi pakamwa pake kuti watsala ndi chaka chimodzi, kenaka adzapempha kusamukira ku Lusaka pamodzi ndi banja lake. Mawu amenewo sindinawasunge m'thumba. Ndinawauza anzanga a kutchalitchi, ndinawauza aneba, ndinauza ngakhale mayi wondiyeza magazi kukiliniki. Tsopano chaka chimodzi chija chinali kusanduka zitatu, ndipo cholembera chosandutsira anachiika m'dzanja langa.

Tsiku limenelo sindinalembe kanthu. Ndinasesa pabwalo, ndinapita kumsewu kukaima poimira maminibasi ngati munthu wodikira mlendo, ndinabwerera, ndinasesanso. Mawa lake ndinakhala pansi ndi kulemba.

Kwathu kum'mawa, munthu wofuna kubwereka khasu salowa pakhomo n'kunena kuti ndifuna khasu. Amakhala pansi, napereka moni, nafunsa za ana ndi za mvula. Pambuyo pake amausa moyo n'kunena kuti munda wake wachita thengo chaka chino. Mwini nyumba ndiye amati, "Kodi simungatenge khasu ili?" Kutchula chinthu ndi dzina kuli ngati kumutsekera mnzako pakona, popeza akakana manyazi amagwira nonse awiri. Azungu a kumishoni anawonjezerapo zawo: anatiphunzitsa kuti wopempha adzichepetse pachiyambi cha kalata, adzichepetsenso pakati, ndipo pomaliza adzitche wantchito womvera. Miyambo iwiriyi inakumana mwa ine n'kugwirizana bwino lomwe.

Chikalata cha bungwelo, chimenenso mwana wanga anachikopera m'kopemo, chinali ndi mafunso, lililonse ndi malo ake oyankhira. Pa funso lakuti sukulu ikufuna chiyani, ndinalemba za kutalika kwa chilumba, za umphawi wa makolo, za ana oyenda osavala nsapato, ndi za kuwolowa manja kwa anthu a kutsidya kwa nyanja kumene mbiri yake yatifika. Ndinamaliza ndi kunena kuti chilichonse chimene mitima yawo ingakonde tidzachilandira ndi manja awiri. Pa funso lakuti kodi mphunzitsi adzakhala zaka zitatu, ndinalemba kuti zamawa adziwa ndi Mwini moyo, kuti mphunzitsiyo ali ndi bambo wokalamba ndi wodwaladwala kulikulu la dziko, koma kuti adzayesetsa monga momwe angathere. Zonse zinakwana masamba anayi. Chingerezi chake chinali chosalala ngati mwala wa mumtsinje, ndipo ndinadziuza kuti sindinalembepo kalata yaulemu kuposa imeneyi.

Komabe mpando unkandiwotcha. Ndinapinda masamba aja, ndi kupita nawo kumsika kwa asewere.

Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, ubale wa chipongwe umene makolo anatisiyira: timanyozana poyera, pamaliro ndi paukwati pomwe, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Choncho ine ndi asewere, m'malo mochitirana manyazi monga achitira asewere ena, tinkalonjerana ndi minga. Iwo amalankhula Chinyanja cha m'tauni, chothamanga.

"Ba Ticha, mwabwera? Mbewa zasila kunyumba kuti mufune nsomba?"

"Ndabwera kudzaona ngati anyani akadalipo m'dziko muno, kapena munamaliza kudya onse."

"Nkhalani apo pa chigubu. Osagwira vinthu, manja yanu ni ya choko. Mwalemba kalata ya bana?"

Ndinati ndalemba. Anati ndiwawerengere, popeza nawonso ndi kholo. Ndinayamba kumasulira chiganizo ndi chiganizo, iwo akuthamangitsa ntchentche ndi kansalu. Pakati anaima kugulitsa mulu umodzi, nabwerera, nati ndipitirize. Nditamaliza anafunsa kuti:

"Yasila?"

"Yatha."

"Nanga boti ili pati?"

Ndinafotokoza kuti anthu ophunzira amamva okha, kuti munthu akawerenga za chilumba amadziwa kuti pafunika boti.

"Na vija vovala pamadzi? Na galasi ija?"

"Zonse zili m'katimo, asewere, koma mwaulemu."

Anaseka mpaka anagwira tebulo. Anaitana mnzawo wogulitsa tomato kuti adzamve, koma mwamwayi anali ndi kasitomala. "Imwe ba kum'mawa, mukafuna madzi yakumwa mumayamba kukamba za chitsime cha ambuye banu. Munthu angafe na ludzu pakati pa nkhani. Kwathu ukafuna nsomba umaloza na chala."

"N'chifukwa chake kwanu kulibe ulemu."

"Ulemu? Tsiku lija la malowolo ya mwana wanu, ba kwanu sanazungulire. Banatchula vonse na dzina, mpaka mbuzi na mtundu wake."

Iwo anapukuta misozi ya kuseka, nasendeza mpando wawo kufupi ndi ine, natsitsa mawu.

"Tumizani yamene iyo."

Ndinayesa akupitiriza chipongwe, koma nkhope inali itasintha.

"Nakamba zoona, ba sewere. Na ine mwana wanga ali kuja. Onani myendo yanga mwamene yatupira na mabasi. Mdzukulu nimamuona masiku yatatu, basi nabwerera. Mukatumiza iyi, bazungu baja bazati aba bantu sibafuna chilichonse, na mphunzitsi wawo ali na phazi limodzi panja. Bazapatsa bena. Chaka chamawa bana bathu bali pano. Palibe wamene azaziba. Imwe na ine chabe."

"Ine sindinalembe ndi cholinga chimenecho."

"Sininakambe kuti munalemba na cholinga. Nakamba kuti mwalemba bwino."

Ndinanyamuka osagula kanthu. Panjira kondakitala wina anandikoka dzanja kuti ndikwere basi ya kutauni, ndipo ndinangotsala pang'ono kukwera, chifukwa sindinkadziwa kumene ndikupita. Chimene chinandipweteka sichinali kuseka kwawo. Chinali chakuti mayi wosadziwa Chingerezi anamva m'kalata yanga chimene ine mwini ndinakana kumva. Mwambo wa kwathu ndi woona, ndipo sindiunyoza. Koma ndinali nditaufunda ngati bulangete kuti ndisadzione. Chiganizo chija cha bambo wokalamba ndi wodwaladwala palibe mwambo umene unandituma kuchilemba.

Masiku amene anatsatira anali oipa. Ndikakhala m'nyumba ndinkafuna kutuluka, ndikatuluka ndinkafuna kubwerera. Ndinapita ku Kalingalinga kukaona mnzanga wakale amene tinkaphunzitsa limodzi, ndi mtima wofuna kumufunsa nzeru, koma tinangokamba za mitengo ya ufa ndipo ndinatsanzika tiyi asanazizire. Ndinkadziuza kuti kalata ija ilibe bodza ngakhale limodzi. Chilumba n'chakutali, makolo ndi osauka, ine ndine wodwala. Ndinkadziuzanso kuti mwana anandilonjeza yekha, ndipo munthu wofuna kuti lonjezo lisungidwe sachimwa. Ndikatero mtima unkakhala pansi kwa ola limodzi, kenaka unkadzukanso. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali kuvumbwa pakati pa dzuwa la mwezi wa Okutobala.

Masana ena ndinatsegulanso kope lija, osati kuti ndilembe, koma chifukwa manja anasowa chogwira. M'mphepete mwa tsamba lina munali mawu ang'onoang'ono amene poyamba ndinawalumpha. Mwana wanga analemba kuti mtsikana wina wa m'kalasi mwake anamufunsa chifukwa chake nsomba zonse za m'buku la sayansi ndi za m'nyanja ya mchere, pamene za m'nyanja yawo, zimene iye amazidziwa ndi maina, mulibe ngakhale imodzi. Pansi pake anawonjezera kuti: "Ndinalibe yankho, Atate."

Inenso ndinalibe yankho kwa zaka zonse za uphunzitsi wanga. Kumishoni tinaloweza mitsinje ya ku Ulaya, koma palibe anatiuza kumene Luangwa amathera. Nditakhala mphunzitsi ndinkaphunzitsa za kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja ya mchere pogwiritsa ntchito beseni losambira, ndikulipendeketsa uku ndi uku, ine mwini ndisanaionepo nyanjayo, ndipo mpaka lero sindinaione. Ana ankalemba, nakhoza mayeso, naiwala. Tsono uyu anali mwana wanga, ataima pamadzi enieni ndi ana odziwa nsomba kuposa buku, akupempha galasi lokha kuti aone zotsalazo.

Sindinena kuti pamenepo mtima unayera. Ndinatseka kope ndi mkwiyo, ngati kuti landitukwana.

Patatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, foni inalira. Mawu ankabwera moduka, ndi mphepo kumbuyo, ndipo ndinadziwa kuti wakwera pachulu chija.

"Atate, mwalemba?"

"Ndikulemba, mwana wanga."

"Tsamba lomaliza lija mwaliona?"

"Ndaliona."

Panapita kanthawi. Sindidziwa ngati inali foni kapena iye.

"Ndinaopa kukuuzani pakamwa," anatero. "Mukaona kuti n'zosatheka, musatumize. Sindidzakufunsani chifukwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, foni n'kuduka. Ndinayesa kuimba kangapo, osalowa.

Mawu amenewo anandilanda pobisalira. Akanandiumiriza, ndikanakhala ndi womukwiyira. Koma anandipatsa mpeni ndi nyama yomwe. Ndinatenga pepala latsopano. Pa funso la zofunika ndinalemba zinthu zinayi zija ndi maina awo, chilichonse ndi ntchito yake. Ndinalemba za bango loyezera nsomba ndi za funso la mtsikana uja. Za nsapato ndi za umphawi ndinazisiya. Pa funso la zaka zitatu ndinalemba chiganizo chimodzi, chakuti mphunzitsi adzakhala. Kalata yonse inakwana tsamba limodzi ndi theka, ndipo m'maso mwanga inkaoneka yamaliseche, ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni osagogoda.

Yoyamba ija sindinaing'ambe. Ndinaika onse awiri m'thumba la jekete.

Pafupi ndi msika pali kashopu ka mayi wina amene amatayipa makalata pa kompyuta ndi kuwatumiza pa intaneti. Ndinapitako tsiku lomwelo, ndinapeza magetsi azima. Ndinapitanso mawa lake, chimodzimodzi. Ndikuvomera kuti ulendo wachiwiriwo ndinabwerera ndi mapazi opepuka, ndikuganiza kuti mwina nkhaniyi aiweruza ndi magetsi, ine n'kusamba m'manja. Tsiku lachitatu ndinamva wailesi ikulira m'kashopumo ndisanafike pakhomo.

"Lero mwayi wanu, atate. Bweretsani msanga asanapitenso."

Ndinatulutsa mapepala onse pamodzi, popeza anali atapindana.

"Onsewa?"

"Ayi. Imodzi yokha."

"Iti?"

Anali atatambasula dzanja, maso ali pa kompyuta. Kumbuyo kwanga kunali anthu awiri odikira. Ndinamupatsa yaifupi. Anaitayipa mofulumira, nandiwerengera kuti ndimve ngati walakwitsa, nadina batani. Ndinafunsa ngati ingathe kubwezedwa munthu atasintha maganizo. Anati zimenezo zinatha ndi positi ofesi.

Asewere sindinawauze. Akandifunsa ndinkangoti kalata inapita, iwo n'kunditsinzinira diso, ine n'kuyang'ana nsomba. Miyezi itatu imeneyo ndinkapemphera mosokonezeka, kotero kuti ndikukhulupirira Mulungu anangodikira kuti ndimalize kukangana ndekha.

Yankho linabwera m'nyengo ya mvula. Mwana wanga anaimba m'mawa, akulankhula mothamanga ngati ali wamng'ono. Bungwe lija linawapatsa zonse kupatula boti, limene anati adzaliganizira chaka chachiwiri. Ndinamuyamikira ndi mawu oyenera. Anati, "Atate, ndinaona zimene munatumiza. Sindinadziwe kuti mumatha kulemba mwachidule." Tinaseka tonse. Za kalata inayo sindinamuuze, ndipo akadzawerenga izi ndi pamene adzaidziwe.

Masana ndinapita kumsika. Asewere anali atamva kale kwa mwana wawo. Anali kuphimba nsomba ndi pulasitiki chifukwa kunja kunali kutada.

"Munalemba ina," anatero osandiyang'ana.

"Ndinalemba ina."

"Osaniuza."

"Ndinaopa kuti mundigonjetsa."

Anapitiriza kuphimba nsomba. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundipatsa ulemu. Ndikadutsa ankaimirira pang'ono n'kunena kuti, "Muli bwanji, aphunzitsi? Kunyumba kuli bwanji?" Ankandisankhira nsomba yabwino, naikulunga bwino, nandithokoza. Munthu wosadziwa akanati asewere awa ndi ogwirizana. Koma pa chimbuya ulemu ndiwo mkwiyo, ndipo msika wonse unkadziwa kuti pali kanthu. Mayi wa tomato anandifunsa ngati tinalandana malo. Ndinataya zaka zitatu za mwana, ndipo pamwamba pake ndinataya munthu yekhayo m'Mtendere amene ankandinyoza mondikonda.

Kutchalitchi ndinayenera kubweza mawu anga mmodzimmodzi. Ena anati ndachita bwino, ena anati mwana wa masiku ano saganizira kholo, ndipo onsewo ndinkawakwiyira mofanana. Shuga anakwera, natsika. Masiku ena ndimaganiza za mtsikana uja akuyang'ana dontho la madzi a m'nyanja yake pansi pa galasi, mtima n'kukhala m'malo. Masiku ena ndimawerenga msinkhu wanga, n'kuwonjezapo zitatu, osakonda yankho lake. Sindinafike poti ndinganene motsimikiza kuti ndinachita bwino. Ndingonena kuti kalata yoyamba ija, ikanapita, sindikanatha kukhala nayo.

Sabata yatha, ndikuchapa malaya kuseri, ndinamva munthu akumenya geti ndi mwala. Anali asewere, chitenje chili m'chiuno, osalowa.

"Imwe, mukali moyo?"

"Ndikali."

"Pa Chisanu cha sabata yamawa niyenda kunyanja. Nifuna munthu wonisungira katundu mu basi nikatsika panjira. Nasakila munthu wanzeru, sininamupeze, ndiye nabwera kuli imwe."

Ndinati sindinakwerepo boti chibadwire, ndipo kusambira sindidziwa.

"Ba kum'mawa simumira. Mutu ulibe kanthu, umayandama."

Ndinafunsa kuti pamadzi tidzakhalapo maola angati. Anati ndidzawerenga ndekha, popeza ndine mphunzitsi. Anatembenuka napita, ndipo ali pakona anafuula kuti ndisanyamule jekete la kutchalitchi, kuja kulibe wondiona.

Lero ndi Lachitatu. Mankhwala a miyezi iwiri ndatenga kale kukiliniki, ndipo makiyi ndalonjeza kusiya kwa aneba. Chikwama ndachilongedza, ndachimasula, ndachilongedzanso. M'mawa uno ndinapitanso kumsika kukafunsa za mafunde a mwezi uno, ngati ndi aakulu. Asewere anati ndi aakulu kwambiri, ndipo tikiti anagula kale.